Ndani Akusenza Nkhuni za Nyumba ya Mulungu?

M'miyezi ya June ndi July, pamene mphepo ya mwera iomba pa zitunda za Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu, nyumba zopemphereramo zimazizira kuposa pabwalo. Makoma a njerwa amasunga chisanu cha usiku kufikira dzuwa litakwera, simenti ya pansi imaluma mapazi, ndipo okalamba ndi makanda ndiwo amavutika koposa. Ena amayamba aothera dzuwa kuseri kwa khoma, nalowa Sukulu ya Sabata itapita kale patali. Zimenezi tidazizolowera, kotero kuti sitiziyesa nkhani yokhudza chikhulupiriro. Komatu m'kati mwake muli funso lalikulu la chikumbumtima. Kodi nkoyenera kuti nyumba ya Mulungu ifunde ndi moto umene mtengo wake adzalipira ndi anthu ena, anthu amene sanafunsidwe, ndipo mwina sanabadwe nkomwe?

Funso limeneli siliima pa mbaula yoothera yokha. Likhudza moto wonse umene mpingo umasonkha: wa uvuni wootchera njerwa za tchalitchi, wa mafuwa a pa msonkhano wa misasa, wa pa siwa, ndi wa injini ya mafuta yoyendetsa zokuzira mau. Pa mlandu umenewu pali odandaula atatu, ndipo woweruza wolungama ayenera kuwamva onse.

Wodandaula Woyamba: Munthu Wozizidwa

Malemba Opatulika sapeputsa chisanu. Pa Eksodo 22:26, 27, Mulungu analamula kuti chofunda cha munthu wosauka chimene chatengedwa chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe, kuti mwini wake asagone pamphepo. Mtumwi Yakobo anadzudzula chikhulupiriro chimene chimafunira mbale wausiwa mafuno abwino pakamwa pokha, osampatsa chofunda (Yakobo 2:15, 16). Luka sanaiwale kulemba kukoma mtima kwa anthu a pa chisumbu cha Melita, amene anasonkhera moto Paulo ndi anzake atapulumuka m'nyanja kukugwa mvula (Machitidwe 28:2). Ngakhale Ambuye wathu, atauka kwa akufa, analandira ophunzira ake otopa pa moto wa makala m'mbali mwa nyanja (Yohane 21:9).

Wina angakumbuke lamulo la pa Eksodo 35:3 loletsa kusonkha moto tsiku la Sabata. Ellen G. White, m'buku la Patriarchs and Prophets, anafotokoza kuti lamulo limenelo linali la nthawi ya m'chipululu, ndi kuti silinayenera kupitirira m'dziko la Kanani, kumene kuzizira kukanachititsa moto kukhala wofunika. Chotero tisaganize kuti kunjenjemera m'kachisi ndiko chiyero. Agogo amene aleka kubwera ku mapemphero m'mwezi wa July chifukwa mafupa awo sapirira chisanu ali ndi dandaulo loona, ndipo mpingo uyenera kuwayankha.

Wodandaula Wachiwiri: Nyumba ya Makolo

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ntchito pa Mvera m'chaka cha 1889, motsogozedwa ndi A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok. M'chaka cha 1896 anatsegula mishoni patsinde pa phiri la Nkhoma, m'dziko la Mfumu Mazengera, ndipo pambuyo pake likulu la ntchito yawo linasamukira komweko. Chipatala cha Nkhoma chinayamba m'chaka cha 1915. Kufikira lero, munthu wokhota pa Kamphata kulunjika kuphiri amakapeza nyumba zakale za njerwa, zimene abale athu a Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP amasunga. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire ntchito ya zomangamanga. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi manja a anthu a dziko lino. Nafenso tili ndi Malamulo, ku Thyolo, kumene ntchito ya mpingo wathu inayamba m'chaka cha 1902, ndiponso timatchalitchi tambiri ta m'midzi timene agogo athu anamanga ndi thukuta lawo.

Nyumba zoterezi si mulu wa njerwa chabe. Ndizo mboni yakuti anthu osauka kuposa ife anaponda dothi, natunga madzi, nasenza mitengo, chifukwa anakonda Mulungu. Mneneri Hagai anadzudzula anthu okhala m'nyumba zokongola pamene nyumba ya Yehova inali bwinja (Hagai 1:4). Akuluakulu anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mbadwo umene ugwetsa tchalitchi cha makolo chifukwa chakuti nchozizira kapena nchachikale, pamene chikanatheka kukonzedwa, ukutaya chinthu chimene sungathe kuchigulanso ndi ndalama.

Wodandaula Wachitatu: Nkhalango ndi Ana Osabadwa

Wodandaula wachitatu alibe mpando mu komiti ya mpingo. Kumadzulo kwa Mitundu kuli nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi kumwetsa anthu a mumzinda. Aliyense woyenda pa msewu wa Mitundu m'bandakucha amadziwa mzere wa njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Chionongeko chinakula kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. M'dziko lathu, mabanja oposa 9 mwa mabanja 10 aliwonse amaphika ndi nkhuni kapena makala. Njerwa zootcha nazonso zimadya mitengo yaikulu, ndipo m'chaka cha 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda.

Mtengo ukapsa, kaboni amene unasunga kwa zaka zambiri amakwera mumlengalenga ngati mpweya. Mpweya umenewu, pamodzi ndi wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, umakhala ngati chofunda chokuta dziko lapansi, ndipo kutentha kwa dzuwa sikutuluka monga kale. Nyanja zikatentha, anamondwe amasenza mvula yochuluka. Tinaona Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndi Namondwe Freddy mu March 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kum'mwera. Ndiponso phiri likametedwa mpala, madzi a mvula salowa pansi. Amakokolola nthaka, zitsime zimaphwa msanga, ndipo matope amakadzaza mitsinje. Pa Deuteronomo 20:19, Mulungu analetsa Aisraeli kudula mitengo ya zipatso ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Ngati mtengo unatetezedwa kwa msilikali, kodi sudzatetezedwa kwa wopembedza?

Zimene Akhristu a Maiko Ozizira Aphunzira

Ku England, kumene madzi amauma ndi chisanu, funso limeneli lakhala pa bwalo la mpingo kwa zaka zingapo. Mpingo wa Church of England uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ambiri mwa iwo a miyala ndiponso a zaka mazanamazana, otetezedwa ndi lamulo kuti asasinthidwe mwachisawawa. Ochuluka amafunditsidwa ndi ng'anjo za gasi kapena mafuta, zowiritsa madzi oyenda m'mapaipi. Mu February 2020 sinodi yaikulu ya mpingowo inagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 ntchito zake zikhale zitaleka kuonjezera mpweya wa kaboni mumlengalenga. Chaka chimene chinaperekedwa poyamba chinali 2045, koma nthumwi zinati kumeneko nkuchedwa.

Ku Bath kuli akasupe otentha amene amatulutsa madzi oposa malita 1,000,000 tsiku lililonse. Kwa zaka mazana ambiri madziwo ankangopita ku mtsinje wa Avon kudzera m'ngalande yomangidwa ndi Aroma, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Bath Abbey. Pa ntchito yokonzanso pansi pa tchalitchicho, imene inatha m'chaka cha 2021, amisiri anaika zipangizo m'ngalandemo zotenga kutentha kwa madziwo ndi kukupititsa m'mapaipi oyalidwa kunsi kwa miyala ya pansi. Makina ogwira ntchito yotere, amene Angelezi amawatcha heat pump, ali ngati firiji yotembenuzidwa: firiji imachotsa kutentha m'kati nikutaya kunja, pamene makinawa amatunga kutentha kwa m'madzi, m'nthaka kapena mumpweya wa panja, nakulowetsa m'nyumba. Pa muyeso umodzi wa magetsi amapereka miyeso pafupifupi itatu ya kutentha. Ku Gloucester anaika magalasi a sola 150 padenga la tchalitchi chachikulu m'chaka cha 2016. Ku Cambridge, pa tchalitchi cha King's College chimene chinayamba kumangidwa m'chaka cha 1446, anaika magalasi 438 m'chaka cha 2023, patakhala mtsutso waukulu ndi osunga nyumba zakale, amene ankaopa kuti maonekedwe a denga adzaonongeka.

Koma phunziro loposa onse linachokera ku matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, amene alibe chuma chogulira makina okwera mtengo. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Chotero kusonkha moto waukulu m'nyumba ya denga lalitali, imene anthu amasonkhanamo maola owerengeka pa mlungu, ndiko kufunditsa mitanda ya denga pamene opembedza akunjenjemera pansi. Ndiponso kutenthetsa nyumba yakale mwadzidzidzi ndi kuisiyanso kuti izizire kumang'amba matabwa ndi kubala chinyontho pa makoma. Chifukwa cha ichi ambiri aphunzira kufunditsa anthu m'malo mofunditsa nyumba: amaika tizipangizo ta magetsi kunsi kwa mipando, amatseka mipata yolowera mphepo, ndipo amakonza denga kuti makoma akhale ouma. Apa odandaula atatu aja amapeza chilungamo pamodzi.

Chopereka cha Nkhuni

Moto wa pa guwa la nsembe sunayenera kuzima, ndipo wansembe ankaonjezapo nkhuni m'mawa uliwonse (Levitiko 6:12, 13). Kawirikawiri timalalikira za moto umenewo, koma sitifunsa amene ankasenza nkhunizo. Yoswa 9:27 akutiuza kuti Agibeoni anaikidwa kukhala otema nkhuni ndi otunga madzi a msonkhano ndi a guwa la nsembe, iwo ndi zidzukulu zawo. Ena ankapembedza, ena ankasenza. Koma m'masiku a Nehemiya, anthu atabwera kuchokera ku ukapolo, anapangana njira ina. Ansembe, Alevi ndi anthu onse anachita maere kuti banja lililonse lizibweretsa nkhuni pa nyengo yake chaka ndi chaka (Nehemiya 10:34). Katundu amene kale anali pa mutu wa mtundu umodzi anagawidwa kwa onse, ndipo nkhuni zinasanduka chopereka. Nehemiya anachiyesa chinthu chachikulu, kotero kuti anachitchulanso m'vesi lomaliza la buku lake.

Davide anaimva bwino mfundo imeneyi. Pamene Arauna anafuna kumpatsa kwaulere ng'ombe za nsembe pamodzi ndi zipangizo zopunthira tirigu kuti zikhale nkhuni, mfumuyo inakana, chifukwa sinafune kupereka kwa Mulungu chinthu chimene sinachivutikire (2 Samueli 24:22-24). Tsono tidzifunse, abale ndi alongo. Pamene tiotcha njerwa za tchalitchi ndi mitengo ya m'phiri imene sitinabzale, Agibeoni athu ndani? Ndi mayi amene chaka chamawa adzayenda ulendo wotalikirapo kukafuna nkhuni. Ndi mtsikana amene adzachedwa ku sukulu chifukwa chitsime chapafupi chaphwa. Ndi mdzukulu amene adzalima m'munda wokokoloka. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, koma m'masiku athu zatembenuka: akudya ndi akulu, ndipo odzapotedwa ndi ana. Tisafulumire kuloza chala munthu wosauka wokankha njinga ya makala. Iye akufuna chakudya cha ana ake, ndipo sakanatema mtengo pakanapanda wogula.

Zotsutsa Ziwiri

Wina adzati, “Mpweya umene ukusintha nyengo sitinautulutse ndife.” Mau amenewa ngoona. Mpweya wa malasha ndi mafuta umene Mmalawi mmodzi amatulutsa pa chaka sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a umene amatulutsa munthu mmodzi wa ku Britain. Mlandu waukulu uli pa maiko olemera, ndipo mpingo wathu wa dziko lonse unanena zimenezi poyera mu December 1995, pamene unapempha maboma a maiko a mafakitale kuti achepetse mpweyawo. Sichingakhale chilungamo kuuza mayi wa ku Nathenje kuti aleke kuphika pofuna kukonza zimene anaononga ena. Komabe Dzalanyama satemedwa ndi nkhwangwa za ku London. Pa za mlengalenga mlandu wathu ngwochepa, koma pa za phiri, mtsinje ndi chitsime, mdindo ndife. Mulungu sadzatifunsa za matalente asanu a mnzathu. Adzatifunsa za limodzi limene anatipatsa.

Wina adzati, “Yesu ali pafupi kubwera, ndipo dziko lino lidzapita. Nkuvutikiranji ndi mitengo?” Koma chiyembekezo chomwecho sichitiletsa kulima m'dzinja, kutumiza ana ku sukulu, kapena kumanga zipatala. Mdindo wokhulupirika ndiye amene mbuye wake pobwera ampeza akusamala za m'nyumba (Luka 12:42, 43). Uthenga wa mngelo woyamba umatiitana kulambira Iye amene analenga kumwamba, dziko, nyanja ndi akasupe a madzi (Chivumbulutso 14:7), ndipo Chivumbulutso 11:18 chimachenjeza za chiweruzo cha iwo oononga dziko. Sabata lililonse timachitira umboni kuti Mulungu ndiye Mlengi. Umboni umenewo umafooka ngati akasupe amene Iye analenga akuphwa chifukwa cha uvuni wa tchalitchi chathu.

Tsono Tichite Chiyani?

Choyamba, tikonze nyumba imene tili nayo tisanaganize zoigwetsa. Mitengo imene inaotcha njerwa zake inapsa kale. Kumanga yatsopano ndiko kuotcha nkhalango kachiwiri. Khoma lonyowa limazizira kuposa louma, chotero kukhoma malata odontha, kukumba ngalande yochotsa madzi patsinde pa khoma, kubwezera magalasi osweka ndi kukonza zitseko ndiyo ntchito yoyamba yofunditsa kachisi. Pa njerwa zakale zofewa, laimu ndi wabwino kuposa simenti yolimba, pakuti simenti imatsekera chinyontho m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka. Siling'i, ngakhale ya nsungwi kapena mphasa, imasunga kufunda mu July ndi kutchinga kutentha kwa malata mu October. Ngati mpingo wakula ndipo nkofunikadi kuonjezera nyumba, pali njerwa zopanikiza ndi makina, za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene sizifuna moto.

Chachiwiri, tifunditse anthu. Mphasa yoyala pansi imateteza mapazi a ana. Okalamba akhazikidwe kumbali yolowera dzuwa la m'mawa, kutali ndi khomo. Makalasi a Sukulu ya Sabata angathe kukhala panja pa dzuwa m'miyezi yozizira. Amayi a Dorika asayambe kufunafuna zofunda chisanu chitafika kale, koma adziwe mu April maina a amasiye ndi okalamba amene alibe bulangeti kapena juzi. Tichenjerenso ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera, pakuti imatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo.

Chachitatu, tichepetse moto umene sitingaupewe. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho kapena mitengo ya nandolo. Mphika wa nyemba umene wawira bwino, ukaikidwa m'dengu loyalidwa nsalu zakale ndi kuvundikiridwa ndithu, umapitiriza kupsa wokha popanda moto, ndipo umasunga kufunda kwa maola ambiri. Nzeru imeneyi igwirizana ndi tsiku lokonzekera Sabata (Eksodo 16:23). Pa za kuunika ndi zokuzira mau, dzuwa limene limapanga magetsi ku Salima kuyambira 2021 ndi ku Golomoti kuyambira 2022 ndi lomwelo limene limaomba padenga la tchalitchi chathu. Galasi la sola ndi batire zimafuna ndalama poyamba, koma pambuyo pake sizipempha mafuta Sabata lililonse.

Chachinayi, tibwezeretse chopereka cha nkhuni. Mpingo uliwonse umene uli ndi malo ukhale ndi nkhalango yakeyake, ya kesha, nsungwi, mtangatanga ndi mibawa, ndipo mabanja agawane nyengo zothirira, zolimirira ndi zotchinga mbuzi, monga anachitira anthu a Nehemiya. Kubzala nkosavuta, ntchito yeniyeni ndiyo kusamala mbande kufikira itapyola chilimwe chachiwiri. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo tisatemenso mtengo wa ntchito ya mpingo popanda kudziwa kumene wachokera ndi amene adzabzale wina m'malo mwake.

Nyumba ya makolo ndi nkhalango ya zidzukulu zonse ziwiri tinangosungitsidwa, pakuti dziko ndi la Yehova ndipo ife ndife alendo okhala kwa Iye (Levitiko 25:23). Mpingo umene usamala wozizidwa wa lero popanda kulanda chofunda cha wozizidwa wa mawa ndiwo umene wamvetsa lamulo lakuti tikonde mnzathu monga tidzikonda ife eni.

Mafunso Oti Tikambirane

1. Nkhuni kapena makala amene mpingo wanu unagwiritsa ntchito pa msonkhano wa misasa wapitawu anachokera kuti? Ndani anasenza, ndipo ndani adzabzala mitengo ina?

2. Kodi m'kalasi mwanu muli anthu amene amajomba m'miyezi yozizira? Mungawathandize motani Sabata likudzali lisanafike?

3. Ngati ena afuna kugwetsa tchalitchi chakale ndipo ena afuna kuchikonza, ndi mfundo ziti za m'Malemba zimene zingatsogolere mpingo kuti ugwirizane mwamtendere?